Ife otsala pa benchi nthawi yolandira

Sabata yachiwiri ya Julayi 2023, wapampando wa mphakati wathu anatulukira kuntchito kwanga ali ndi kapepala m'thumba la malaya. Ndimagwira ntchito pa shopu ina yosindikiza zinthu ku Old Town kuno ku Lilongwe, kumene timapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani. Bamboyu anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala pambali panga, maso ali pa kompyuta. "Achimwene, mutikonzere zikwangwani zinayi, zilembo zake zonenepa, zoti munthu aziwerenga ali kutsidya kwa msewu. Ndi za ulendo wa Lachinayi uja." Ulendo wake unali zionetsero za pa 13 Julayi, zimene atsogoleri a mipingo, kuphatikizapo maepiskopi athu, anakonza pokana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha.

Ndinatambasula kapepalako. Mizere ina inali yonena za banja ndi kulera ana, mawu oti ine ndemwe ndikanavomera. Koma mzere womaliza unkati anthu a mathanyula ndi temberero pa dziko. Ndinaulemba mzerewo, chilembo chimodzichimodzi. Ndinafunsanso kuti, "Tiike zofiira kapena zakuda?" Anati zofiira. Atatuluka ndinazembera kuseri kwa shopu kumene timataya zidutswa za mapepala, n'kukhala pa chidebe, manja akunjenjemera moti ndinalephera kutsekula botolo la madzi. Bamboyu amandidziwa kuyambira ndili mwana wa Tilitonse, gulu la ana kutchalitchi, ndipo ndi amene anandiimira pa Ulimbitso. Ndi munthu wabwino, amene anathandiza kukumba manda a bambo anga. Sanadziwe kuti temberero ankalinenalo linali pampando woyandikana naye.

Ndine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, ndipo ndine mwamuna amene mtima wake umakonda amuna anzake. Panatenga zaka pafupifupi 20 kuti nditchule zinthu ziwirizi pamodzi osachita manyazi ndi chimodzi mwa izo. Ndikulembera mnyamata kapena mtsikana amene Lamulungu likubwerali akhala m'tchalitchi ku Kawale, ku Chilinde, ku Area 25 kapena ku Likuni, akumva ulaliki mtima uli phaphapha, akudzifunsa ngati Mulungu akumuwerengabe pa ana ake. Dzina langa sinditchula, chifukwa chake mukuchidziwa.

Kwathu ndi ku Dedza koma ndinabadwira kuno. Bambo anatisiya ndili Sitandade 5, ndipo amayi anatilera ana anayi ndi mandasi. Amadzuka 4 koloko m'bandakucha, dzanja limodzi likutembenuza mandasi pambaula, lina likuyendetsa kolona, moti mikanda yake inachita kunyezimira ndi mafuta. Ndi a Legio, gulu la mapemphero la Amayi Maria, ndipo sajomba kumsonkhano pokhapokha kutagwa maliro. Ine kutchalitchi sanachite kundikankhira. Ndinayamba kutumikira pa guwa ndili ndi zaka 10, ndipo ntchito imene tinkalimbirana ndi anzanga inali yonyamula chofukizira lubani. Wansembe akamakweza Ukaristia, tchalitchi chonse chili zii, belu lokha likulira, ndinkamva mumtima kuti kulibe malo ena amene ndingakhale bwino kuposa pamenepo. Choncho anzanga ena akamandiuza kuti, "Ingochokako, ukuzunzikiranji?" amakhala akundiuza kuti ndisamuke kwathu.

Ndinadzizindikira ndili Fomu 2. Anzanga akamakamba za atsikana ndinkaseka nawo, koma mtima wanga unkagunda akalowa m'kalasi mnyamata wina amene tinkakhala naye desiki imodzi. Palibe anandiphunzitsa, palibe anandigwira, palibe anandipatsa ndalama. Anthu amakonda kunena kuti izi n'zachizungu, zobwera ndi mabungwe. Ine nthawi imeneyo foni ndinalibe, intaneti sindinkaidziwa, ndipo mzungu yekhayo amene ndinalankhulapo naye anali sisitere wina wokalamba amene anandibaya jakisoni wa malungo.

Chaka chimene ndinkalemba mayeso a Fomu 4, mu 2010, dziko lonse linali pa nkhani ya anthu awiri aja, onse obadwa ali amuna, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre kumapeto kwa 2009. Mu Meyi khothi linawagamula kuti akakhale kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga. Patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, mkulu wa United Nations Ban Ki-moon atabwera kuno ku Lilongwe, ngakhale ananenetsa kuti zimene anachitazo n'zosemphana ndi chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo athu. Chimene ndimakumbukira kwambiri si zandalezo. Ndi kuseka. M'minibasi, pamjigo, pakhomo la tchalitchi Misa itatha, anthu ankaseka mpaka kugwetsa misozi. Amayi anangopukusa mutu n'kunena kuti dziko latha. Ine ndinali nditanyamula beseni la mandasi, ndipo ndinaseka nawo mokweza kuposa aliyense kuti wina asandiyang'ane kawiri.

Zaka zotsatira ndinachita zonse zimene Mkatolika wamantha angachite. Manovena, kusala kudya Lachisanu lililonse, mapemphero a usiku wonse. Ndinafika popita mobisa kwa mneneri wina wa mpingo wina, amene anandithira madzi n'kundikankha pachipumi mpaka ndinagwa, akulamula chiwanda kuti chituluke. Ndinadzuka ndi fumbi kumsana ndi mtima womwe uja. Nditalimba mtima n'kukaulula pa kulapa, wansembe amene ndinamupeza tsiku limenelo sanadikire kuti ndimalize. Anati ndi zonyansa, ndipo mankhwala ake n'kukwatira msanga, zitha zokha.

Malangizo amenewo ndinawatsatira, ndipo ndiwo amene ndimanong'oneza nawo bondo kuposa china chilichonse m'moyo wanga. Ndinafunsira mtsikana wina amene tinkaimba naye kwaya, mphunzitsi wa kupulayimale, wofatsa, wopemphera. Tinakhala pachibwenzi zaka ziwiri. Atsibweni anabwera kuchokera ku Dedza, ankhoswe anaonana, tsiku la chinkhoswe linaikidwa mu 2018, nsalu anagula. Kutatsala miyezi iwiri ndinathetsa zonse popanda kupereka chifukwa chomveka. Mtsikanayo anaonda, anthu anayamba kumunong'ona kuti kapena ndinamupeza ndi vuto, ndipo anasiya kwaya chifukwa cha manyazi amene sanali ake. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani nditagwada, ndi ichi: musatenge mwana wa eni kuti akhale chitenje chobisira nkhope yanu. Sazitha zokha. Mudzangoonjezera anthu olira m'nyumba, ndipo ngakhale Mpingo umene umaphunzitsa kuti ukwati womangidwa pa chinyengo ungathe kupezeka kuti sunali ukwati n'komwe.

Zitatero nanenso ndinasiya kwaya, kenako Misa imene. Covid itafika mu 2020 n'kuchepetsa anthu osonkhana, kujomba kwanga kunabisika m'kujomba kwa aliyense. Ndinayamba kumwa. Malipiro ankathera ku Bwandilo, ndipo ndinkabwera kunyumba amayi akuyatsa mbaula. Usiku wina ndinafika poganiza kuti kuli bwino amayi alire maliro a mwana amene ankamunyadira kusiyana n'kuti adzamve zoona zake. Sindifotokoza zambiri za usiku umenewo. Ndinaimbira foni mnzanga wina wamkazi, namwino, ndipo sanadule foni mpaka kunja kunayera. M'mawa mwake anabwera pa kabaza n'kundiperekeza kwa mlangizi wa za maganizo. Inu amene mwafika pamenepo, musadikire kuti mupeze kaye mayankho a zaumulungu. Uzani munthu usiku womwewo. Simukuyenera kufotokoza chifukwa chonse, kungonena kuti "sindili bwino, khala nane" n'kokwanira kuti kuche.

Kubwerera kwanga kunachitika pa Lenti wa 2021. Ndinakwera minibasi kupita ku parishi ina yakutali ndi kwathu, kumene palibe ankandidziwa. Linali Loweruka masana, ndipo wansembe wina wokalamba, Mmalawi mnzathu wa imvi mbuu, ankalapitsa anthu pansi pa mtengo wa mango, mipando iwiri itayang'anana. Ndinagwada pafumbi n'kukhuthula zonse, kuyambira desiki ya ku Fomu 2 mpaka usiku uja. Anandisiya kuti ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati, "Mwana wanga, wandiuza zimene umaopa. Tsopano undiuze machimo ako."

Ndinangoti kakasi. Ndinati, "Bambo mfumu, si zimene ndanenazi?"

Anati, "Mtima wako kukopeka si tchimo. Mpingo suphunzitsa choncho. Koma wanena za mtsikana amene unamunamiza zaka ziwiri. Kodi unakamupepesa? Wanenanso kuti unafuna kutaya moyo umene sunadzipatse wekha. Tiyambire pamenepo."

Titamaliza anandiuza kuti ndidikire, nalowa m'nyumba n'kutuluka ndi Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, wachikuto chong'ambika. Anatsekula ndime 2357 mpaka 2359 n'kundiwerengera zonse zitatu, akumasulira m'Chichewa, osadumpha mzere. Yoyamba imati kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha n'kosemphana ndi dongosolo la chilengedwe ndipo Mpingo sungakuvomereze, ngakhale imavomerezanso kuti chiyambi cha mtima wotere sichidziwika bwino. Yachiwiri imati anthu otere si ochepa, ndipo ayenera kulandiridwa mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, popewa tsankho lililonse lopanda chilungamo. Yachitatu imati akuitanidwa kuti adzisunge, ndipo angathe kufika pa ungwiro wachikhristu ngati wina aliyense. Atatseka bukulo anati, "Sindikunamiza, chiphunzitso n'chimenechi, ndipo n'cholemera. Koma madzi a ubatizo wako palibe anawapukuta. Tchalitchi ndi chako. Ubwere mawa." Anandipatsa ntchito yolapira iwiri: kukapepesa mtsikana uja, ndi kuwerenga Salimo 139 tsiku lililonse mpaka Pasaka, salimo lija lonena kuti Mulungu ndiye anandiumba m'mimba mwa amayi anga ndipo palibe kumene ndingathawire nkhope yake.

Kupepesako ndinakachita. Sindinamuuze zonse, koma ndinamuuza kuti vuto silinali iye ngakhale pang'ono, kuti ndinamufunsira ndikudziwa kuti sindingamukonde monga mwamuna akondera mkazi wake. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mukanandiuza kale, zaka zanga ziwiri zikanapita kwina." Ananena zoona. Lero ali pabanja ndipo ali ndi ana, tikakumana timapatsana moni.

Za ndime zitatu zija ndili ndi mawu. Yoyamba ija ndaimva m'maulaliki osawerengeka, ngakhale olalika satchula nambala yake. Yachiwiri ija, ya ulemu ndi chifundo, sindinaimvepo ikuwerengedwa pa guwa chiyambire kulowa tchalitchi. Zili pa tsamba limodzi, zili ndi ulamuliro wofanana. Wolalika akasankha imodzi n'kusiya inzake, ndiye kuti waphunzitsa theka la chiphunzitso, ndipo theka losiyidwalo ndi limene likanapulumutsa mwana wina kumbuyo kwa tchalitchi. Mawu a ndime yoyamba amandipweteka mpaka lero, ndipo sindinganame kuti ndinagwirizana nawo bwinobwino. Ndimalimbana nawo m'pemphero. Koma kulimbana ndi Mulungu uli m'nyumba mwake n'kosiyana ndi kuthawa uli wotsimikiza kuti amadana nawe.

Pali tsiku lina pachaka limene ndinkaliopa kwambiri, la 3 Juni, chikumbutso cha Amaritiri a ku Uganda, anthu ofera chikhulupiriro. Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa ku Namugongo mu 1886, ndipo Papa Paul VI anawalengeza kuti ndi oyera mu 1964. Maparishi ndi masukulu athu ambiri ali ndi mayina awo. Chaka ndi chaka ulaliki wa tsikuli unkathera pa ife, kuti anyamatawa anafa pokana mathanyula a mfumu Mwanga. Ndinkatuluka ndikumva ngati ndine amene ndinasonkhezera nkhuni. Nditaiwerenga nkhaniyo modekha ndinaona china. Ambiri mwa iwo anali anyamata otumikira kunyumba ya mfumu, Kizito ali ndi zaka ngati 14 zokha. Chimene anakana ndi munthu wamphamvu wofuna kugwiritsa ntchito matupi a ana amene anali m'manja mwake, komanso kuwakakamiza kutaya chikhulupiriro. Zimenezo inenso ndimadana nazo, kaya wochitayo akufuna anyamata kaya atsikana. Tsopano pa 3 Juni ndimawapempha kuti andipempherere, ndipo sindikhulupirira kuti amatembenuza nkhope.

Ndibwerere ku zikwangwani zija. Usiku wa Lachitatu amayi anasita nsalu yawo ya tchalitchi n'kundifunsa ngati ndipita nawo. Ndinati kuntchito kwachuluka zochita. Madzulo a Lachinayi zithunzi zinayamba kugwa pa gulu la WhatsApp la mphakati, ndipo pa chithunzi china ndinaona zilembo zanga zofiira zili m'mwamba, zitanyamulidwa ndi anyamata awiri a kwaya. Atsogoleri ankati akuteteza ukwati. Koma mlandu umene unautsa zionetserozo, umene unali kukhothi ku Blantyre nthawi imeneyo, sunali wopempha ukwati, unali wotsutsa malamulo otsekera anthu m'ndende. Gawo 153 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango, limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene linaonjezeredwa m'nthawi ya Bingu, zaka 5 kwa akazi. Pa 28 Juni 2024 khothilo linagamula kuti malamulowa akhale momwemo.

Chimene chinandiwawa n'chakuti miyezi 6 yokha zionetserozo zisanachitike, mu Januwale 2023, Papa Francis anali atanena poyera kuti kukhala munthu wotere si mlandu, ndipo malamulo omanga anthu pa chifukwa chimenechi ndi osalungama. Anabwerezanso mu Febuluwale ali m'ndege pochokera ku South Sudan. Ndi Papa yemweyo amene mu 2013, pochokera ku Brazil, anafunsa kuti iye ndani kuti aweruze munthu wotere amene akufunafuna Ambuye ndi mtima wabwino. Chiphunzitso cha ukwati sanachisinthe, ndipo ine sindiyembekezera kuti ndidzaimirira pa guwa ndi mphete. Pempho langa kwa abusa anga n'laling'ono kuposa pamenepo. Angathe kuphunzitsa za ukwati monga Mpingo umaphunzitsira, popanda kuombera m'manja ndende ya nkhosa zawo. Chigololo ndi tchimo, kujomba Misa mwadala ndi tchimo, koma palibe amayenda mumsewu kupempha kuti ochita zimenezo akatsekeredwe zaka 14 kundende ya Maula.

Kumapeto kwa 2023, pa 18 Disembala, ku Vatican kunatuluka chikalata chija cha Fiducia Supplicans, cholola ansembe kudalitsa mwachidule anthu awiri okhalira limodzi mosalongosoka, kuphatikizapo amuna kapena akazi okhaokha, popanda mwambo wofanana ndi ukwati. Tsiku lotsatira maepiskopi athu analengeza kuti madalitso otere saloledwa m'Malawi muno, ndipo anali m'gulu la oyamba padziko lonse kutero. Mu Januwale 2024 bungwe la maepiskopi a mu Africa yense, motsogozedwa ndi Kadinala Fridolin Ambongo, linanenanso chimodzimodzi. Sindinadabwe, ndipo sindinkaganiza zokapempha dalitso lotero. Koma chikondwerero chimene chinali pa magulu a WhatsApp sabata ya Khirisimasi imeneyo, ngati kuti dziko lapambana mpira, chinandilemera. Ndinapita kwa wansembe wokalamba uja. Sitinakambe za chikalatacho. Anangoika manja ake pamutu panga n'kundidalitsa ine, munthu mmodzi, monga wansembe aliyense angadalitsire mkhristu aliyense wopempha. Dalitso limenelo palibe analiletsa, ndipo inunso mungathe kulipempha.

Tsopano ndinene chinthu chimene chingakhumudwitse a mbali zonse. Pali munthu amene takhala tikukondana zaka 3. Sitikhala nyumba imodzi, ndipo amene amadziwa sakwana zala za dzanja limodzi. Ndi amene anagona pansi m'chipatala sabata yathunthu nditadwala chibayo. Chikumbumtima changa sichindilola kunena kuti chikondi chimenechi n'chonyansa. Chikumbumtima chomwecho sichindilolanso kupita kukalandira Ukaristia ngati kuti sindikudziwa zimene Mpingo umaphunzitsa, kapena kukalonjeza pa kulapa zimene ndikudziwa kuti sindinakonzeke kuchita. Ndiye pakadali pano sindilandira. Ndikudziwa mnzanga wina amene anasankha kudzisunga, amalandira Lamulungu lililonse, ndipo nkhope yake ili ndi mtendere weniweni. Ndikudziwa ena amene anachoka mu Mpingo chifukwa akanakhala akanafa, ndipo sindingawaloze chala. Ine ndili pakati, ndipo sindikuuzani kuti malo anga ndiwo oyenera aliyense.

Miyezi yoyamba, nthawi yolandira inali ngati moto. Anthu akaimirira kupanga mzere, ndinkaweramitsa mutu ndikuganiza kuti tchalitchi chonse chikundiwerenga. Tsiku lina ndinadzutsa maso n'kuyang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo zaka zonse ndili pa guwa ndi mu kwaya. Otsala tinalipo ambiri. Bambo amene analowana ndi mkazi wake zaka zapitazo koma ndalama ya ukwati woyera sinapezeke. Mtsikana amene anabereka ali pasukulu. Mwamuna amene mkazi wake woyamba anapita ku Johannesburg osabweranso, iye n'kukwatira wina. Ndipo pa benchi yakutsogolo kwanga, mayi wina wachikulire amene ndi mkazi wachiwiri pa mitala, amene sanalandire kwa zaka zoposa 20. Mayi ameneyu ndiye amasesa tchalitchi Loweruka lililonse. Kukagwa maliro mu mphakati ndiye amayamba kufika ndi nkhuni pamutu. Nthawi yolandira amagwada, amatseka maso, milomo ikuyenda, ndipo sindinaonepo munthu woyang'ana ku tabenakulo ndi njala ngati yake.

Palibe amanena kuti mayi ameneyu si Mkatolika. Palibe amamulembera chikwangwani. Anthu amadziwa kuti nkhani yake ndi yovuta, kuti moyo unamufikitsa pamene sanakonze, ndipo amamusiyira Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudziona ngati mbava yolowa m'nyumba ya eni. Ndine mmodzi mwa otsala pa benchi, gulu lalikulu limene Mpingo wa m'Malawi wakhala nalo kuyambira kale, ndipo mawu aja timanena tonse tisanalandire, akuti sindili woyenera kuti mulowe mwa ine koma nenani liwu limodzi lokha, ife timawanena ndi mtima wonse. Njala ya Ukaristia ndimaimva Lamulungu lililonse ndipo siichepa. Sindikufuna kuti ichepe.

Kwa inu amene mukuyenda njira yomweyi, pali zinthu zimene ndinaphunzira mochedwa. Ansembe si ofanana. Mukapeza wokalipa, musaganize kuti mwamva mawu omaliza a Mulungu, kwerani minibasi mukayese kwina, Lilongwe ili ndi maparishi ambiri. Zimene mwanena pa sakramenti la kulapa wansembe saloledwa kuziulula kwa wina aliyense, ngakhale kwa apolisi kapena kwa episkopi, ndipo woulula amadzichotsa yekha mu Mpingo nthawi yomweyo. Koma chinsinsi chimenechi chili pa kulapa pokha. Katekisi, wapampando wa mphakati, mnzanu wa mu kwaya, onsewa sanalumbire kanthu, ndipo kamwa la munthu silikhala ndi loko. Ngati mukudalirabe makolo pa fizi ndi pogona, musathamangire kuulula chifukwa choti mwaona ena akunja akutero pa intaneti. Kukhala chete kuti mutetezeke si bodza pamaso pa Mulungu. Samalaninso ndi anthu osawadziwa pa Facebook ndi WhatsApp. Alipo amene amadzionetsa ngati anzathu, n'kukuitanirani kumalo obisika kuti akulandeni foni ndi ndalama, podziwa kuti simungathamangire kupolisi. Zinamuchitikira mnzanga, ndipo analipira miyezi yambiri asanauze munthu. Musatumize zithunzi, musakumane ndi mlendo m'nyumba. Ndipo pezani munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene akudziwa zonse ndipo amakukondanibe. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga ili.

Amayi ndinawauza mu Ogasiti 2024. Ndinadzuka nawo 4 koloko, n'kukhala pa mpando waung'ono pafupi ndi mbaula monga ndinkachitira ndili mwana. Kunkazizira. Ndinati, "Amayi, pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani kuyambira ndili kusekondale. Ndi chifukwa chake chinkhoswe chija chinatha." Ndinanena mawu ochepa, osazungulira. Sanandiyang'ane. Anapitiriza kuyang'ana m'chiwaya, ndipo mandasi anayi anapserera mpaka kuda bii iwo atagwira supuni m'manja. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akupsereza mandasi.

Atawavuula anati, "Ndinkadziwa kuti pali chimene chikukudya. Ndinkaganiza kuti ndi matenda." Anakhala chete, kenako anati, "Zikwangwani zija unalemba ndiwe?" Ndinati eya. Anaphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje, ndipo mapewa awo anagwedezeka nthawi yaitali. Atapukuta misozi anati, "Atsibweni ako asamve. Ine ndizikupempherera kuti Mulungu akusinthe." Ndinati, "Zikomo amayi, muzindipempherera ndithu."

Panapita masabata atatu tikungopatsana moni wa m'mawa ndi wa madzulo. Nsima ankandisungira, koma tinkadya payekhapayekha. Loweruka lina usiku ndinapeza malaya anga oyera atasitidwa, atapachikidwa pa chitseko cha chipinda changa. M'mawa anagogoda n'kunena kuti, "Misa yoyamba, usandichedwetse."

Maganizo awo sanasinthe. Amakhulupirirabe kuti tsiku lina ndidzabwera ndi mkazi, ndipo dzina langa lili pa kolona yawo m'bandakucha uliwonse ndi pempho lomwe lija. Za mnzanga uja safunsa, inenso sindiyambitsa. Koma anasiya benchi yawo yakutsogolo, imene akhala ndi anzawo a Legio kwa zaka zambiri, n'kubwera kudzakhala kumbuyo kumene ndimakhala ine. Anzawo atafunsa anati kutsogolo kumawatentha. Nthawi yolandira ikakwana amaimirira, ine ndimapinda miyendo kuti adutse. Amapita, amalandira, amabwerera manja atapinda pachifuwa, n'kugwada pambali panga moyandikira kwambiri, phewa lawo litatsamira langa, mpaka kwaya itamaliza nyimbo.